Telala Amene Anayeza Msewu wa Mkaka

Rosaria Sakala, amene tonse kuno timawatchula kuti amake Sheila, akhala akusoka zovala kumbali kuno kwa Palabana kwa zaka zoposa makumi atatu. Makina awo ndi opalasa ndi phazi, ndipo amakhala pakhonde, moyang'anana ndi khola la ng'ombe. Ine ndine mnansi wawo. Munda wanga ndi wawo inalekanitsidwa ndi mzere wa nthochi basi, ndipo timapemphera mu mphakati umodzi. Ndalemba izi chifukwa anthu ayamba kufunsa za majekete amene amuna onyamula mkaka akuvala masiku ano, ndipo ena akuti anaperekedwa ndi bungwe lina la ku Lusaka. Si bungwe ayi. Majeketewo anachokera pakhonde lija, ndipo ine ndinaona mmene zinayambira.

Amake Sheila anabadwira ku Katete, ndipo kusoka anaphunzira kwa azakhali awo akadali mtsikana. Atakwatiwa ndi a Bornwell Sakala anabwera kuno ndi makina omwewo, atawakulunga m'bulangeti pamwamba pa basi. Bulangetilo linang'ambika panjira koma makina anafika bwinobwino. Masiku amenewo nyumba kuno zinali zowerengeka, ndipo ntchito yawo yoyamba inali kuika zigamba pa mabuluku a anthu ogwira ntchito m'mafamu. Pambuyo pake kunabwera mayunifomu a sukulu, madiresi a ubatizo ndi zovala za kwaya.

Atelala ambiri amayamba ndi tepi. Amake Sheila amayamba ndi mafunso. "Muzavalila kuti? Muzankhala pansi olo muzaimilila? Muzabeleka mwana?" Ena amatopa nawo, koma amabweranso. Amuna anga a Matthias atamwalira, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, diresi langa lakuda anasoka ndi iwo, ndipo tsiku limenelo sanandifunse funso ndi limodzi lomwe. Patapita masiku ndinapeza kathumba kakang'ono mkati mwa diresilo, cha kudzanja lamanja, kokwana kolona ndendende. Anali ataona kuti pa maliro ponse ndinkaifumbata m'manja chifukwa ndinalibe poiika.

Chinthu chachiwiri chimene amadziwika nacho ndi nsimbi yawo ya makala. Kuno aliyense amadziwa kuti chovala chikayanikidwa panja, ntchentche ina imaikirapo mazira, ndipo ukachivala osasita, mphutsi zimalowa pakhungu. Mwana wawo Sheila ali wakhanda anapezeka ndi mphutsi zisanu ndi ziwiri kumsana, ndipo mayi ake anazifinya okha, mwana akulira mpaka mawu kutha. Kuyambira pamenepo palibe nsalu imene inakhudza thupi la munthu wa m'nyumba mwawo isanapite pansi pa nsimbi. Masokosi, matawulo, ngakhale chisoti cha aSakala. Amasita ngakhale mu Juni, pamene ntchentchezo sizioneka n'komwe.

ASakala ali ndi ng'ombe ziwiri za mkaka, Madamu ndi Kabichi. Tsiku ndi tsiku amakama kusanache, amamangirira zigubu ziwiri panjinga, n'kupalasa makilomita asanu ndi anayi kukafika pamalo olandirira mkaka. Amuna anganso ankayenda msewu womwewo, ndipo chibayo chinawatenga mu Julayi. N'chifukwa chake aSakala atagonekedwa m'chipatala ndi nthenda yomweyo zaka ziwiri zotsatizana, nthawi yozizira yokhayokha, ine sindinkagona bwino ngakhale kuti si amuna anga.

Chaka chatha mu Meyi, Lamulungu lina titaweruka ku Misa, Sheila anabwera kuchokera ku Lusaka kumene amagwira ntchito. Ine ndinali pakhonde pawo, tikusenda mbatata. Mtsikanayo sanadikire n'komwe kuti tiyi afike.

"BaDadi, nakamba kale, manje nikamba pamaso pa baAnti kuti bankhale mboni. Mukadwala futi chifuba chija chaka chino, ng'ombe izi nizagulisa neka. Imwe na baMami muzabwela kunkhala na ine ku Chelstone."

"Ku Chelstone nikachite chani? Kulonda geti?"

"Muzapumula."

"Opumula ali kumanda," anatero aSakala. Kenaka anandiyang'ana, manyazi atawagwira. "Pepani, amake Wendy. Pakamwa panga apa."

Ndinawauza kuti palibe kanthu. Koma tonse tinadziwa kuti Sheila sakuseka. Ndiye amene anagona pansi pa bedi la bambo ake m'chipatala maulendo onse awiri, ndipo dokotala anamuuza kuti ulendo wachitatu ungakhale wovuta.

Kenaka anatulutsa m'chikwama vesiti ya manja aatali, yotuwa, yopepuka ngati duku. Anati anaipeza pa salaula, msika wa zovala zovalidwa kale, ikadali ndi kapepala kake, ndipo anafufuza pa foni zimene zinalembedwapo. Mu ulusi wake, anatero, muli timibulu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tonga phula. Thupi likatentha timasungunuka n'kutenga kutenthako, likazizira timalimbanso n'kubweza kutenthako kuthupi. Komanso thukuta silikhalitsamo.

"Nsalu iyi ili na nzelu, baDadi."

"Nzelu? Inaphunzila kuti? Kansalu aka nikavale ine mu Juni? Ufuna unipaye kuti ugulise bwino ng'ombe."

Anaivala ndithu, chifukwa Sheila anaimirira pomwepo mpaka aivale. Madzulo ake amake Sheila anatenga lumo n'kudula kapepala ka kukhosi, monga amachitira ndi malaya onse a amuna awo, chifukwa timapepala timeneti timawakanda pakhosi. Anakaponya m'mbaula osakayang'ana.

Masiku asanu ndi limodzi aSakala anayenda ndi vesitiyo mkati mwa jekete yopepuka. Lachinayi anandiitana pa mzere wa nthochi paja. "Amake Wendy, mwana uja sananame. Pa phili sinipsa, pa layini ya mkaka sinizizidwa. Koma musamuuze, angadzimve."

Loweruka masana ndinapita kwa amake Sheila ndi yunifomu yanga ya azimayi a Anna Woyera kuti andipindire m'munsi. Ndinawapeza akusita. Vesiti ija anali ataichapa aSakala atangobwera ku mkaka, ndipo inali itauma kale pa chingwe. Anasita malaya awiri, anauzira makala, kenaka anayala vesitiyo chafufumimba n'kuikapo nsimbi kumsana kwake. Tinkacheza za kwaya. Ine ndinayamba kumva fungo ngati la jumbo ikagwera pamoto. Atanyamula nsimbi, inabwera ndi ulusi wotamuka ngati ulimbo. Pamsana pa vesiti panali bowo lofanana ndi nsimbiyo, ndipo nsalu yozungulira bowolo inali itakwinyika n'kuuma gwa.

Anaika nsimbi pansi, nakhala pa mpando wa makina.

"Amake Wendy," anatero, "nagulisa ng'ombe za aSakala na nsimbi."

ASakala atabwera kuchokera kukhola analowetsa nkhonya pabowopo, naitulutsa mbali inayo. "Tisamuuze Sheila. Nizavala tyala so, jekete izabisa."

"Iyayi. Bodza sinikamba, na mawa nifuna kulandila Ukalistia."

Anaimba foni pomwepo. Ine ndinkamva mawu a Sheila ndili patali. "BaMami! Panali kapepala, panali chithunzi cha nsimbi bachikhwachula! Simunaone?"

"Nadula kapepala tsiku lija."

Kenaka Sheila anati akafufuza ina. Anayendadi Loweruka awiri m'misika ya salaula, koma salaula sabweretsa chinthu chimodzi kawiri, ndipo m'masitolo amene anafunsa sankaidziwa n'komwe. Anaimbanso kunena kuti walephera, ndiponso kuti mawu ake aja sanasinthe. Chifuwa chikabwerera, ng'ombe zipita.

ASakala anabwerera ku jekete yawo yakale, yolemera ngati bulangeti, ndi malaya a thonje mkati. Juni anali atalowa. Sabata isanathe ndinayamba kumva kachifuwa kouma kuchokera kukhola m'mawa. Ngati ine ndinkakamva kutsidya kwa nthochi, ndiye kuti amake Sheila ankakamva kawiri.

Lamulungu lotsatira, tikubwera ku tchalitchi, anandifunsa chinthu chimene palibe wina akanayerekeza kundifunsa. "Njinga ya aMatthias ikalipo?"

Inalipo. Inali itapachikidwa kudenga la chipinda chosungiramo chimanga kuyambira chaka chimene anamwalira. Ana anga anaipempha kangapo, ndinakana.

"Nifuna kupima msewu," anatero. "Zaka zonse izi nifunsa banthu kuti muzavalila kuti. Amuna anga sininabafunsepo. Niziba chabe kuti bachoka mamawa, babwela na njala."

Ndinaitsitsa masana omwewo. ASakala anaika machubu ena, napopa, nathira mafuta pa tcheni, uku akung'ung'udza kuti akazi awiri achikulire akufuna kuwachititsa manyazi pamsewu.

Lolemba tinanyamuka kukuyamba kuyera, aSakala ali patsogolo ndi zigubu zawo. Amake Sheila anavala malaya a thonje a amuna awo ndi jekete ina yolemera, kuti amve zimene iwo amamva. Akazi a ku Katete amakula ndi njinga, ndiye kupalasa sinali nkhani. Vuto linali katundu, chifukwa ankafuna kulemera kofanana ndi zigubu ziwiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Imwe muzankhala mkaka. Kwelani."

Ndinakhala pa kaliyala chammbali, nditagwira chitenge ndi dzanja limodzi.

Msewuwo umayamba ndi kutsetsereka kulowa m'dambo. M'menemo munali nkhungu, ndipo mphepo yake inkaluma ngati madzi a m'chitsime. Amake Sheila ankalankhula okha, ngati munthu amene akuwerenga tepi. "Pachifuba. Pakhosi. Ku zala. Kumsana kulibe kanthu." Titadutsa dambo, pali mtengo wa msuku, ndipo pomwepo chitunda chimayamba. Si chokwera kwambiri koma n'chachitali. Pakati pake anaima, akupuma movutikira, nandiuza kuti ndilowetse dzanja kumsana kwawo, mkati mwa jekete. Malaya anali atanyoweratu. Kenaka anagwira pachifuwa pawo. Panali pozizirabe, chifukwa mphepo imamenya kutsogolo.

Pamalo olandirira mkaka tinapeza amuna oposa khumi ali pa mzere, mumthunzi wa khoma, dzuwa lisanawafike. Aliyense akangotsika panjinga ankavula jekete chifukwa cha kutentha, ndipo misana yawo inkafuka nthunzi ngati ng'ombe zonyowa ndi mvula. Amaima pamenepo nthawi yaitali, kudikira kuti mkaka uyesedwe, malaya onyowa atamatirira kumsana, mphepo ya Juni ikuwomba.

Pamzerepo panali a Lemmy, mnzawo wa aSakala wa zaka zambiri, munthu wosasowa chonena.

"BaSakala, mwabwela na bapolisi lelo? Mwalakwa chani kunyumba?" Atandiona ndikutsika pa kaliyala anawonjezera, "Ah, mkaka wa masiku ano uvala na chitenge!"

"Imani bwino, aLemmy," anatero amake Sheila, naika chikhatho pamsana pawo.

"Mayo! BaSakala, bakazi banu banigwila!"

"Balekeni, ni telala. Mwina bazakusokelani pakamwa."

Amake Sheila anayenda mzere wonse akugwira misana ya amuna aja, mmodzi ndi mmodzi. Yonse inali yonyowa ndi yozizira ngati chigubu. Ine ndinaima pambali ndikuyang'ana khomalo. Amuna anga anaima pamenepo zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinali ndisanafikepo ndi kamodzi komwe.

Pobwerera dzuwa linali litakwera, ndipo kunkatentha moti tinamangirira jekete pa kaliyala n'kuyenda wapansi tikukankha njinga. Titafika pa msuku paja amake Sheila anaima.

"Munthu uyu apita mu nyengo zitatu asanamwe tiyi," anatero. "Ine namupasa chovala cha nyengo imozi."

Tsiku lomwelo anaika pambali ntchito zonse za anthu, ngakhale yunifomu yanga. Anasula vesiti yopsa ija msoko ndi msoko. Kumsana kunali kutawonongeka, koma mbali ya kutsogolo nsimbi sinaikhudze. Anaiyala pa tebulo, naisisita ndi dzanja. "Tumibulu twake sinikwanisa kupanga, ivo ni va mafakitale. Koma nsalu iyi inaniphunzisa chintu chimozi. Thukuta isankhale pa thupi."

Anatulutsa thumba lawo la zidutswa, nadula tinsalu tinayi tofanana kukula: ka malaya a thonje, ka chitenge, ka juzi, ndi ka jezi ya mpira ya pa salaula. Anativiika m'madzi, natifinya mofanana, natipachika pakhonde. Wotchi yawo inali itafa, ndiye anati tipemphere kolona. Pofika chigawo chachitatu ka jezi ya mpira kanali katauma. Titamaliza kolona yonse, ka thonje kanali konyowabe. Zaka zonsezi ife akazi a kuno tinkaveka amuna athu malaya a thonje mkati, poganiza kuti ndiwo abwino pakhungu.

Jekete imene anasoka sinali yofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Kutsogolo, mkati mwenimweni, anaika chidutswa chotsala cha vesiti ija kuti chizigona pachifuwa. Pamwamba pake anaika chidutswa cha shawelo yakale ya ubweya, ndipo kunja nsalu ya jekete ya mvula yosalola mphepo. Kolala anaikweza mpaka pachibwano. Kumsana anaikako jezi ya mpira yokha, n'kuiphimba ndi nsalu yopepuka yosokedwa m'mapewa mokha, yotseguka m'munsi ngati denga la nkhokwe, kuti nthunzi izituluka koma mphepo isamenye msana. M'khwapa monse muwiri anaikamo zipi zimene anachotsa pa zikwama zakale za ana a sukulu, ndipo anamangirirapo zingwe zazitali kuti munthu azitha kukoka ndi dzanja limodzi ali panjinga. Malaya a thonje anawaletsa. Mkati aSakala azivala jezi ya mpira basi.

Ulendo woyamba sizinayende. Potsetsereka kulowa m'dambo mphepo inalowa pansi pa nsalu ya kumsana n'kuifufumitsa, ndipo aSakala anafika pa mzere ali ngati nkhukundembo yokwiya. A Lemmy anaseka mpaka kukhala pansi. ASakala anabwera kunyumba naponya jeketeyo pa makina.

"Nivale futi ichi? Lemmy akuti nizauluka na mkaka."

"Lemmy ndiye azakusungilani Madamu na Kabichi? Vulani nsapato, nkhalani apo."

Amake Sheila anaigwira nsaluyo ndi misoko itatu m'munsi, kusiya mipata iwiri. Tsiku lotsatira zipi ya kumanzere inawakanda aSakala m'khwapa mpaka kutupa, ndipo anaisula n'kuibisa ndi kansalu kofewa. Kenaka kolala inkawatsamwitsa akawerama pokwera chitunda. Anasula ndi kusokanso masiku asanu ndi anayi. Masiku onsewo kachifuwa kaja kanalipo, ndipo amake Sheila anawaperekeza amuna awo ku kiliniki, kumene anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti sikanafike m'mapapo koma asamale. Sindikunena kuti jekete ndi mankhwala. Mankhwala anachita mbali yake. Koma mankhwala anamwanso zaka ziwiri zija, ndipo chifuwa chinkabwerera chifukwa m'mawa uliwonse ankakaimanso pakhoma paja ndi msana wonyowa.

Anawapatsanso lamulo. Zipi azitsegula pa mtengo wa msuku, thukuta lisanayambe, osati pamwamba pa chitunda. Akafika pa geti la mkaka azitseka, ndipo jekete asavule mpaka dzuwa liwafike. ASakala ankati tsopano ali ndi akapitawo awiri, wina ku Lusaka wina kunyumba. Koma ankatsatira.

Chovuta kwambiri kwa amake Sheila sichinali kusoka. Chinali Loweruka loyamba lochapa. Anaichapa jeketeyo ndi madzi ozizira, naima nayo pabwalo ikudontha, akuyang'ana chingwe, akuyang'ana nsimbi. Kuyanika panja osasita sakanatha. Kusita sakanathanso. Ndinawaona akulowa nayo m'nyumba, ndipo atachedwa ndinawatsatira. Anali ataipachika m'chipinda chogona, mkati mwa neti yotchinga udzudzu, zenera lili lotsegula, neti ataipisira bwino pansi pa matiresi kuti ntchentche isapeze polowera.

"Iyi ndiye nsalu yoyamba mu nyumba muno," anatero, osandiyang'ana. "Mulungu anikhululukile ngati nalakwa."

Kwa masabata awiri ankayang'ana msana wa amuna awo madzulo alionse pofuna mphutsi. ASakala ankadandaula kuti akuwayang'ana ngati ng'ombe ya nkhupakupa. Sanapezepo kanthu.

Kachifuwa kaja kanatha Juni asanathe. Julayi anabwera ndi chisanu chimene chinawotcha masamba a nthochi zathu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatchera khutu kukhola. Ndinkamva chidebe, ndinkamva aSakala akukalipira Kabichi kuti aime bwino, koma chifuwa ayi.

Sheila anabwera Lachisanu lomaliza la Julayi osauza munthu. Anatsika minibasi, napeza bambo ake atangofika kuchokera ku mkaka, ndipo sanawalole n'komwe kuvula. Anapita nawo ku kiliniki momwemo. Amake Sheila anakhala pa makina koma phazi silinkayenda. Ine ndinakhala nawo, kolona ili m'manja. Patapita maola awiri tinawaona akubwera, bambo patsogolo, mwana pambuyo.

"Bakamba chani?" anafunsa amake Sheila.

"Ati mapapo yali bwino," anatero Sheila. "Bamvela kabili, chifukwa nenze sinikhulupilila."

Anauza bambo ake kuti avule jekete, naitembenuza kunja mkati. Anaona chidutswa cha vesiti yake, naona zipi za zikwama, nakoka chingwe chimodzi. Kenaka anapisa chala pa msoko wa m'mbali pamene ubweya unkaonekera pang'ono.

"BaMami, iyi si shawelo yanga ya ubatizo?"

"Inali kunkhala chabe mu sutikesi."

Sheila anaigwira jeketeyo pachifuwa pake kwa kanthawi. Kenaka anayang'ana kukhola.

"Ng'ombe zinkhale. Koma chaka cha mawa nizabwela futi na kiliniki yanga."

ASakala anavala chisoti n'kupita kukhola, ndipo tinawamva akuuza Madamu kuti asiye kudandaula, ku Chelstone sapitako munthu.

Sabata yotsatira a Lemmy anafika pakhonde, chisoti chili m'manja, akutsokomola pang'ono. Anati anangodutsa kudzapereka moni. Anapereka moniwo katatu. Pamapeto pake anafunsa ngati nkhukundembo ina ingapezeke ya saizi yawo. Amake Sheila anawauza poyera kuti chidutswa cha vesiti ya nzeru chinali chimodzi chokha, ndipo chili pachifuwa pa amuna awo. Zina zonse angathe. Kenaka anasiya tepi pa tebulo.

"Msewu wanu uli na mapili yangati? Dambo mupita kangati?"

A Lemmy amachokera mbali ina, kumene kuli madambo awiri, ndipo sanathe kufotokoza bwino. Lolemba lake amake Sheila anabweranso kudzabwereka njinga.

Pamene ndikulemba pano asoka majekete khumi ndi imodzi, ndipo palibe awiri ofanana, chifukwa misewu yake si yofanana. Aliyense amene walandira yake amauzidwa kuti akauze akazi ake za neti, ndipo akazi ena amabwera okha kudzafunsa ngati n'zoona kuti amake Sheila, mwa anthu onse, ndiwo akuletsa nsimbi. Amawauza kuti zina zonse asite monga kale, koma iyi yokha ayi.

Chaka chino Madamu wabereka mwana wamkazi, ndipo aSakala amutcha Zipi. Njinga ya amuna anga sindinaipachikenso kudenga. Imakhala pakhonde langa, matayala ali opopa, chifukwa sindidziwa tsiku limene amake Sheila adzafune kukayeza msewu wina.